Amayi anga awapempha kulowa kafukufuku wa mankhwala a BP, asayine?

Wofunsa:
Abale, ndithandizeni maganizo. Amayi anga amamwa mankhwala a BP amitundu iwiri, amlodipine ndi hydrochlorothiazide, koma akakayezetsa nambala yapamwamba imakhala idakapitirira 150. Kukiliniki komwe amapita awapempha kuti alowe nawo kafukufuku wa piritsi latsopano. Awapatsa fomu ya masamba ambirimbiri, ati aiwerenge kunyumba, akakhutira akasayine.

Ndaiwerenga. Pomwe pandivuta kwambiri ndi pomwe alemba kuti ena adzalandira piritsi lenileni, ena piritsi lopanda mankhwala, ndipo wogawa ndi kompyuta, moti ngakhale adokotala sadzadziwa kuti amayi ali mbali iti. Munthu wodwala angamupatse bwanji piritsi lopanda kanthu? Achimwene anga akuti tikane basi, amayi athu si makoswe oyeserapo mankhwala. Koma amayi eniake akufuna, ati anamwino a kafukufukuwo amawayeza mosamala ndipo amawamvetsera akamalankhula. Inu amene mukuzidziwa, ndiwalangize zotani?

Namwino wa m'kafukufuku:
Achemwali, wosayina ndi amayi, osati inu kapena achimwene. Ntchito yanu ndi kuwathandiza kufunsa. Funso loyamba: kodi aziwasiyitsa mankhwala omwe akumwa kale? Ngati piritsi la kafukufuku likungowonjezeredwa pamwamba pa awiriwo, ndiye kuti ngakhale atagwera mbali ya placebo, piritsi lopanda mankhwala lija, sakutaya chithandizo chawo. Akati asiye akalewo n'kumamwa la kafukufuku lokha, pamenepo imani kaye, afotokoze bwino chifukwa chake. Chikalata cha Declaration of Helsinki, chomwe bungwe la madokotala a padziko lonse la World Medical Association linakhazikitsa mu 1964, sichilola kumana munthu chithandizo chodziwika ngati kutero kungamuike pangozi yaikulu.

Funsaninso kuti kafukufukuyo ali pa gawo liti. Gawo 1 ndi anthu ochepa, kawirikawiri athanzi, kuona ngati thupi la munthu likulandira mankhwalawo. Ngozi zosadziwika zimakhala zambiri pamenepa. Mu 2006 ku London amuna 6 anatsala pang'ono kufa atabayidwa mankhwala otchedwa TGN1412 pa gawo limeneli. Gawo 2 amafufuza mlingo woyenera. Gawo 3 ndi anthu mazana kapena masauzande, mankhwala atadutsa kale m'matupi a ena ambiri. Chiopsezo sichifanana.

Mkulu wokayika:
Ine ndili mbali ya achimwene anuwo. Ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama ku America, boma linatsatira amuna akuda 600 kuyambira 1932 mpaka 1972. Mwa iwo 399 anali ndi chindoko. Sanawauze matenda awo, ndipo penicillin atapezeka sanawapatse, ankangofuna kuona mmene matendawo amamumalizira munthu. Amene ankachita zimenezo anali madokotala ovala zoyera, olankhula mokoma ngati omwe akuwamvetsera amayi anuwo. Mwana wanga, ulemu wa namwino usakugonetse tulo.

Mphunzitsi wa zaumoyo:
Bambo, za Tuskegee n'zoona ndipo palibe angazitsutse. Koma nkhaniyo itaululika mu 1972, America inakhazikitsa lamulo la kafukufuku mu 1974, kenako lipoti la Belmont, la mfundo zotetezera anthu olowa kafukufuku, mu 1979, ndipo lero kafukufuku wovomerezeka amayamba wadutsa ku komiti yoima payokha. Mbali inayonso tiikumbukire. Mankhwala a thalidomide anagulitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 asanayesedwe mokwanira, amayi oyembekezera akumamwa poletsa nseru, ndipo ana oposa 10,000 anabadwa olumala manja ndi miyendo mankhwalawo asanachotsedwe mu 1961. Amayi amenewo sanasayine fomu iliyonse, panalibenso wowatsatira.

Za kompyutazo, achemwali, si nkhanza. Dokotala akamasankha yekha, mosazindikira amaika odwala amphamvu ku mankhwala atsopano, ndiye mankhwalawo amaoneka abwino pomwe sali choncho. Kugawa mwa maere kunatchuka ndi kafukufuku wa mankhwala a streptomycin pa TB ku Britain, wofalitsidwa mu 1948. Ndipo adokotala akamati sadziwa, si kuti palibiretu wodziwa. Pamakhala gulu la akatswiri lapadera lomwe limasuzumira zotsatira kafukufuku ali mkati, ndipo lingalangize kuti aimitsidwe. Zinachitika pa nkhani ya BP yomweyi: kafukufuku wa SPRINT, wa anthu oposa 9,000, anaimitsidwa mu 2015 nthawi isanakwane chifukwa omwe ankawatsitsira nambala yapamwamba ya BP pansi pa 120 ankafa ochepa poyerekeza ndi omwe ankawatsitsira pansi pa 140. Komabe kukomoka ndi mavuto a impso zinachuluka mbali yotsitsa kwambiriyo. Pakabuka ngozi, adokotala angathe kutsegula chinsinsicho n'kudziwa chomwe amayi akumwa.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Ndaonanso fomuyo: ndi gawo 3, ndipo mankhwala akale apitiriza kumwa. Mtima watsikako pang'ono. Koma tsopano ndazindikira kuti masamba onsewa akukamba za nthawi ya kafukufuku, za pambuyo pake angolembapo chiganizo chimodzi chakuti adzabwerera ku chithandizo cha masiku onse. Nanga piritsilo likadzawayanja?

Wa ndondomeko za mankhwala:
Mwakhudza pomwe anthu ambiri safunsa, ndipo kwa ine ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kafukufuku akatha, piritsi silifika mufamase mawa lake. Bungwe loona za mankhwala la dziko liyenera kulivomereza kaye. Kenako akatswiri olemba ndondomeko za chithandizo amaunika ngati likuposadi omwe alipo. Kenako lilowe pa mndandanda wa mankhwala omwe boma kapena inshuwalansi imagula, ndipo apa woweruza weniweni ndi bajeti. WHO ili ndi mndandanda wake wa mankhwala ofunika, unayamba mu 1977 ndipo amaukonzanso pa zaka ziwiri zilizonse, koma sukakamiza dziko lililonse. Ngakhale umboni ukhale umodzi, opanga ndondomeko samvana nthawi zonse: SPRINT itatuluka, mabungwe a madokotala a mtima ku America anatsitsa malire a BP kufika pa 130/80 mu 2017, pomwe WHO mu 2021 inasungabe 140/90 ngati poyambira mankhwala kwa anthu ambiri.

Njira yonseyi imatenga zaka. Kumbukirani ma ARV: kuphatikiza mankhwala atatu kunadziwika kuti kumapulumutsa moyo mu 1996, koma odwala a m'mayiko osauka anadikira mpaka mitengo itagwa ndi kubwera kwa mankhwala a generic, ofanana ndi oyambawo koma opangidwa motchipa ndi makampani ena, cha m'ma 2001, enanso anadikirabe zaka zina. Ndi mikangano yotereyi yomwe inachititsa kuti mu 2000 Declaration of Helsinki iwonjezere mfundo yakuti olowa kafukufuku asatayidwe akamaliza. Mfundoyo ilipobe m'chikalata chomwe anakonzanso mu 2024. Vuto n'lakuti chikalatacho si lamulo loti mungakasumire nalo munthu. Choncho funsani mosapita m'mbali: ngati piritsili lawathandiza amayi, apitiriza kulilandira kufikira liti, ndipo alipira ndani? Yankho lilembedwe. Lapakamwa limatha tsiku lomwe namwinoyo wasintha ntchito.

Mayi amene analowapo kafukufuku:
Ine ndinalowapo, wa matenda ena. Sindidandaula. Koma chifukwa chomwe amayi anu akuperekacho chindidetsa nkhawa pang'ono. Akufuna kulowa chifukwa kumeneko akuwasamala, ndipo n'zomveka, nanenso ndinkasangalala kuti dokotala ankandipatsa nthawi yokwanira. Koma anthu amenewo akufuna yankho la funso lawo, ndipo nthawi zina zomwe kafukufuku akufuna sizifanana ndi zomwe thupi lanu likufuna. Amakutengani magazi pafupipafupi, masiku obwera ndi okhwima, mankhwala ena amakuletsani. Atatha, chisamaliro chapaderacho chinathanso, ndipo zinandiwawa kuposa mmene ndinkaganizira. Auzeni amayi zimenezi, alowe akudziwa.

Muwauzenso kuti kusayina si kudzimanga. Angatuluke tsiku lililonse osapereka chifukwa, ndipo kukiliniki ayenera kupitiriza kuwathandiza monga kale. Atenge kope la fomu yosayinidwa. Payenera kukhala nambala ya foni ya komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo, komanso ndime yonena wolipira chithandizo ngati atavulala chifukwa cha mankhwalawo.

Mkulu wokayika:
Nambala ya komitiyo muiyimbire asanasayine, muone ngati pali woyankha. Pemphaninso nambala yomwe kafukufukuyo analembetsera, mukaifufuze pa intaneti pa kaundula wa akafukufuku wa ClinicalTrials.gov kapena pa kaundula wina wovomerezedwa ndi WHO. Akakanika kukupatsani, ine ndiye ndanena kale.

Dokotala wa matenda a akuluakulu:
Nonse mwakamba za kafukufuku, ine ndifunse za BP yeniyeniyo. Achemwali, amayi ali pa mankhwala awiri okha. Ife timati BP yakanika pokhapokha munthu akumwa atatu pa mlingo wokwanira koma osatsika. Pali mankhwala achitatu odziwika kale, monga enalapril kapena losartan, ndipo akalephera atatuwo timawonjezera spironolactone. Pali wina anayesapo kuwapatsa? Anaonapo ngati amamwa tsiku lililonse, ngati nambala ya kunyumba ikufanana ndi ya kukiliniki, kapena ngati amamwa ibuprofen kapena diclofenac chifukwa cha mawondo? Mankhwala ophera ululu amenewa amakweza BP, ndipo achikulire ambiri samawatchula chifukwa amawagula okha.

Sindikuti asalowe. Ndikuti mukafunse dokotala wawo wa masiku onse, amene sali m'gulu la kafukufukulo, kuti akanawachitira chiyani kafukufukuyu pakanapanda. Ndipo kwa a kafukufukuwo mukafunse ichi: amayi akagwera mbali ya placebo, BP n'kukhalabe pamwamba pa 150, kodi malamulo a kafukufukuyo amalola kuwonjezera mankhwala achitatu, ndipo amadikira ifike pa nambala iti asanatero?