Thandizeni maganizo: ndidule denga la HiAce kapena ndingoika tenti pamwamba?

Wofunsa:
Moni nonse a m'gulu muno, ma admin chonde iyi idutse. Ndili ndi HiAce ya 2008 ija ya denga lotsika, ya dizilo, ndinaitanitsa ku Japan koma sinayendepo ngati minibasi ayi. Mipando yakumbuyo ndinachotsa, kalipentala anandikhomera bedi la matabwa, pansi pake timalongedza mapoto, mbaula ya gasi ndi zigubu za madzi. Timayenda nayo ine, mayi akunyumba ndi ana awiri, ku Cape Maclear, ku Senga Bay, kamodzi tinafika ku Liwonde. Vuto ana akula, wamkulu ali ndi zaka 11 ndipo akagona amaponya mateche ngati ali pa galaundi, ndiye anthu anayi bedi limodzi mu Okutobala kunyanja si zinthu abale. Tenti yapansi tinayesa koma ku Liwonde mvuu zinabwera usiku kudzadya udzu chapafupi, kungomva mmene zimatafunira mayi analumbira kuti iwo ndi ana awo pansi sadzagonanso, mlandu unathera pompo.

Ndiye ndikufuna malo ena ogona pamwamba. Mtima wanga uli pa pop-top, ija amadula denga n'kuikapo chivindikiro cha fayiba chokankha m'mwamba, m'mbali muli kanivasi, umakwera kuchokera mkati momwe osatuluka panja. Pali mnyamata wina wowotcherera akuti iye adula bwinobwino palibe chovuta, koma mmene anayankhira mwachangu ndi mmene ndayambira kuopa. Ena akuti ndiike denga lalitali la fayiba losatsika, ena akuti kaliyala ndi tenti basi. Amene munapangapo kapena kuona ndi maso ndiuzeni chilungamo, galimoto ndi imodzi yomweyi, ndi yomwe imapititsanso ana kusukulu.

Makanika wa ku Biwi:
Bwana funso loyamba mumufunse mnyamatayo kuti akadula nthiti za denga abwezeretsa chani. Mukachotsa siling'i muona zitsulo zopingasa kuchokera mbali ina kukafika ina, zimenezo ndi zomwe zimagwira bodi kuti isapotoke komanso galimoto ikagubuduka ndi zomwe zimateteza mitu yanu. Opanga ma pop-top enieni akadula amaika felemu yachitsulo kuzungulira bowo lonse. Akakuyankhani kuti tingoika angle iron thawani.

Mayi wa ku Mangochi:
Achimwene ife tinadutsamo. Abambo anadulitsa yathu kwa wina wake amene ankalonjeza kumwamba ndi pansi, chilimwe chonse timanyadira, mvula yoyamba ya Novembala madzi anadzaza pa matiresi ngati tagona pakhonde. Anamata silikoni, kumatanso, mpaka m'mphepete munayamba dzimbiri. Chinandipweteka kwambiri ndi chitseko chija chokoka, chinayamba kuvuta kutseka moti pamafunika anthu awiri, amakanika anati bodi inapotoka. Tinaigulitsa motchipa ndipo nkhani imeneyi kwathu sitiikamba pa chakudya.

Wina:
Kkkk ndalama zonsezo bwanji osangolipira loji akulu

Wofunsa:
Aise loji ya anthu anayi masiku atatu kangati pa chaka? Komanso ana amakonda zimenezi, asiyeni.

Wa ku Leeds:
Akulu ine ndili ndi VW Transporter ya pop-top kuno, ndikuuzeni zabwino ndi zoipa zomwe. Ubwino ndi woti ukakankha denga umaimirira mowongoka mkati, kuphika, kuvala osawerama, ana amakwerera mkati ndipo ukatsitsa galimoto imangotalika masentimita ochepa, mphepo siivutitsa pamsewu. Ajeremani a kampani ya Westfalia anayamba kalekale zimenezi pa ma VW ndiye luso lake linakhazikika. Koma dziwani kuti denga lililonse amaumbira mtundu umodzi wa galimoto, la Transporter silingakhale pa HiAce, ndipo limabwera ndi felemu yake, mahinjesi, ma gas strut (timashoka tothandiza kukankha denga m'mwamba) ndi malamba omangira likatsika. Za HiAce zimapezeka kwambiri ku Australia ndi ku Japan, ndiye werengerani kutumiza chinthu chachikulu ngati chimenecho kuphatikiza msonkho wa MRA ndi mmene forex ikuvutiramu, mwina mupeza kuti mwagulanso theka la galimoto. China, kanivasi ndi kanivasi basi, kuzizira kumalowa. Mukadzapita ku Nyika mu Juni kapena Julayi, ku Chelinda kumagwa chisanu chenicheni, amene ali pamwamba adzatsika okha pakati pa usiku.

Wokonza maboti:
Pa fayiba ndiyankhe ine poti ndi ntchito yanga. Kuumba denga n'kotheka konkuno, resin (mankhwala omatira), mat (nsalu ya ulusi wa fayiba) ndi gelcoat (utoto wake wakunja) ndi zomwezo timapangira maboti, ndipo ngati boti sililowa madzi denga lingalowe bwanji. Chimene anthu sadziwa ndi choti ntchito yaikulu ili pa chikombole. Umayamba wapanga chikombole chofanana ndendende ndi denga la galimoto yanu, ndiye poti mukufuna limodzi lokha mtengo wonse wa chikombolecho ugwera inu. Mutapezana anthu atatu anayi a HiAce yofanana zingapepuke. Fayiba ndi chitsulo siziwotchererana, timamata ndi Sikaflex n'kumanga ndi mabawuti kapena ma rivet, ndipo m'mphepete modulamo mupake pulaimala musanamate. Mayi a ku Mangochi aja chinawapweteka ndi silikoni wamba uja wonunkha ngati viniga, ameneyo amadya chitsulo. Gelcoat ikhale yoyera chifukwa cha dzuwa la kunyanja, ndipo mkati muike chotchinga kutentha apo ayi m'mawa mpweya wanu womwe uzikudontherani kumaso.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bambo, izi za chikombole sindimazidziwa n'komwe. Nanga lalitali losatsika lija mukuliona bwanji?

Wokonza maboti:
Limenelo ndi losavuta kusiyana ndi pop-top poti palibe choyenda, palibe kanivasi yong'ambika. Koma kudula mudulabe, ndipo bedi lapamwamba limakhala lothina, mwana akwana koma munthu wamkulu ngati uli m'bokosi. Ngati mukungofuna kutalika, bwanji osagulitsa yanuyo n'kugula HiAce ya high roof yochokera kufakitale, imakhala cha m'ma mamita 2.2 kapena 2.3 pomwe yanuyo ili pafupifupi 2.

Dalaivala wa thiraki, Joni–Blantyre:
Amwene musadule kaye. Ku South Africa matenti apadenga ali mbwee, Eezi-Awn, Howling Moon, Alu-Cab, makaliyala a Front Runner, ndipo ogwiritsidwa kale ntchito amapezeka anthu akamagulitsa. HiAce ili ndi ngalande zija m'mbali mwa denga, kaliyala amagwira pamenepo popanda kuboola paliponse, mukatopa nayo mumasula n'kugulitsa galimoto ili yonse. Chongosamala ndi kulemera. Matenti ambiri amakhala pakati pa makilo 50 ndi 90, onjezani kaliyala, ndiye muone m'buku la galimoto kuti denga limaloledwa makilo angati ikamayenda. Ikaima limanyamula zambiri, anthu awiri kugona si vuto, vuto ndi pa mabampu ndi pokhota. HiAce ndi yaitali kale komanso yopapatiza, ndiye mukamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndi katundu pamwamba muzimva ikutsamira, yendani pang'onopang'ono ndipo zigubu za madzi zikhale pansi osati padenga. Mashoka ngati anatopa sinthanitu.

Mlongo wina:
Ife tili nayo tenti yotereyi ndipo zoipa zake anthu sanena. Mwana akafuna kukataya madzi 2 koloko usiku ndi inu pa makwerero ndi tochi kukamwa. Mukafuna kuthamangira ku msika kukagula chambo muyambe mwapinda zonse. Nthawi ya mwera kanivasi imachita phokoso usiku onse, ndipo mukapinda yonyowa n'kuiwala sabata imodzi mupeza chuku. Mufunsenso kutalika kwa makwerero poti ambiri amapangira ma Hilux, pa HiAce amatha kuperewera. Komabe neti ya udzudzu ili kale m'mawindo ndipo kamphepo kapamwamba mu Okutobala simungakasinthe ndi chilichonse. Ine ndikanati akuluakulu pamwamba ana mkati.

Wa inshuwalansi:
Ngati mudula, pitani kaye ku Road Traffic mukafunse zomwe amafuna pa galimoto yosinthidwa bodi kuti musadzavutike pa COF, ndipo kampani yanu ya inshuwalansi muidziwitse polemba kalata. Ngozi ikachitika iwo asakudziwa kuti denga linadulidwa mudzakangana.

Wofunsa:
Abale mwandithandiza. Mnyamata uja ndamufunsa za felemu wayankha kuti tiona pomwepo, ndiye grinder yake ikhale kaye. Ndayeza geti yakunyumba, mtanda wapamwamba uli pa mamita 2.3, kutanthauza kuti ndi kaliyala ndi tenti mwina sindilowa, ndidula geti m'malo mwa galimoto kkkk. Mayi akuti makwerero akwera bola pasakhale mvuu. Pop-top sindinaitaye mumtima koma ndiyambe ndi tenti chaka chimodzi ndione. Kungoti ndakwera pampando kuyang'ana ngalande zija, ya kumanzere chakumbuyo yayamba dzimbiri pang'ono, a makanika a ku Biwi kodi pamenepo kaliyala angagwire kapena ndiyambe ndakonzetsa?

Makanika wa ku Biwi:
Palani ndi sandipepa muone ngati chitsulo chikadali chokhuthala. Ngati sikuludiraiva ikulowa bweretsani tidulepo tiike chigamba, kaliyala pambuyo.