Thandizo pa 1NT ndi kusunga Ace mu bridge

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Zomba, ndipo tili ndi kagulu kathu kamene timasewera bridge (masewera a makadi a anthu anayi, awiri mbali iliyonse) ku Matawale Loweruka masana. Vuto lili pa ine ndi mnzanga amene timakhala mbali imodzi.

Iwo anaphunzira Acol (njira ina youzirana mphamvu ya makadi) kalekale, ndiye akatsegula 1NT (kulonjeza kupambana maulendo 7 mwa 13 popanda mtundu wa makadi wolamulira) amakhala ndi mapointi 12 mpaka 14. Ine ndinaphunzirira pa webusaiti ya Bridge Base Online, kumene ambiri amatsegula ndi 15 mpaka 17. Tinagwirizana zotsata Acol, koma adani akatipanga double (kutitsutsa kuti sitikwanitsa, zomwe zimakweza chilango) timagwa koopsa, makamaka tikakhala vulnerable (pamene chilango cholephera chimakhala chachikulu kale). Tayesa Stayman, tayesanso ma transfer (njira zoyankhira mnzako akatsegula 1NT), ndafufuzanso pa YouTube, koma aliyense amangoyamikira njira yake. Kwa ine 15 mpaka 17 ndi yotetezeka, kungoti anzangawo ndi achikulire, sindingawakakamize.

Chinanso ndi kaseweredwe. Pa 3NT (maulendo 9) adani atsogoza spade, ine ndili ndi Ace ndi timakadi tiwiri ta spade, dummy (mnzanga amene wayala makadi ake patebulo) ali ndi tiwiri. Lamulo la 7 likuti ndichotse ma spade athu 5 amenewa pa 7, ndiye ndiwalekerere adaniwo kawiri ndisanaponye Ace. Nanga ngati ma heart anga ali ofooka kuposa ma spade, ndilekererebe? Ndimaopa kuti atembenukira komweko n'kundimaliza.

Ndiye ndithandizeni: amene mumasewera 1NT ya 12 mpaka 14, mumathawira kuti mukapangidwa double? Ndipo Ace ameneyu mumamuponya msanga nthawi ziti?