Za zithunzi za mabwato usiku zija, zatheka tsopano

Paja ndinafunsa kuti bwanji zithunzi zanga za nyali za asodzi a usipa ku Senga Bay zikumangotuluka mbuu. Amene munati vuto ndi kugwedezeka kwa kamera munanena zoona, zikomo kwambiri abale. Pano ndikumaika kamera pa tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu), miyendo kuizika ndithu mumchenga, timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze, focus ya manual (yosintha ndi dzanja), shutter (nthawi yomwe kamera ikhala chotsegula kulandira kuwala) masekondi 20, f/8 (kukula kwa bowo lolowera kuwala), ISO (mphamvu ya kamera yokolera kuwala) 400. Madzi akusalala bwinobwino ndipo nyali za mabwato oyenda zikulemba mizere yowala, kukongola kwake eeh! Bwato loima ndiye limavutabe poti mafunde amaligwedeza, pamenepo ndimafupikitsa nthawi ya shutter nkukweza ISO. Mukafuna kuyesa pitani mwezi uli mumdima, ukawala asodzi ambiri sayatsa nyali, komanso pewani masiku a mwera.