Ndalama zoyambira kafukufuku wa melanoma ndingazipeze kuti?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene munapezapo grant ya kafukufuku, ndigawireniko nzeru.

Ndine dokotala wachinyamata pa chipatala china chachikulu kuno ku Malawi. Ndikufuna kufufuza za melanoma, khansa ya pakhungu imene ambiri amati ndi ya azungu okha. Kwa iwo imayamba kwambiri chifukwa cha dzuwa. Kwathu kuno imakonda kumera kunsi kwa phazi, pachidendene, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo, malo oti dzuwa silifikako n'komwe. Ndi yomwe ija inapha Bob Marley mu 1981, itayambira pa chala cha kuphazi. Munthu amaona banga lakuda n'kumati analasidwa ndi munga kumunda, amangomangapo kansalu, miyezi n'kumapita. Pomafika kwa ife chilonda chafalikira, mwanabele watupa m'mphechepeche, chotsala n'kudula basi. Zimandiwawa chifukwa khansayo ikachotsedwa ikadali yaing'ono munthu amachira.

Mankhwala amphamvu alipo: ipilimumab ndi vemurafenib anavomerezedwa ku America mu 2011, pembrolizumab mu 2014. Koma vemurafenib amagwira pokhapokha jini (gene, kachidutswa ka chibadwa ka m'maselo) yotchedwa BRAF ikakhala kuti inasintha, zomwe zimapezeka mwa odwala pafupifupi theka a melanoma ya dzuwa, pamene mwa odwala ya kuphazi n'zochepa kwambiri. Mayeso a mankhwalawa anachitikanso makamaka pa azungu. Ndiye ine cholinga changa n'chaching'ono: kutsegula makabati a ku labu, kutulutsa tizidutswa ta minofu tosungidwa mu sera, kutiyezanso, kuona kuti khansa inali italowa bwanji mkati, n'kufananiza ndi mafayilo a odwalawo.

Vuto ndi ndalama. Melanoma Research Alliance ili ndi thandizo la ofufuza ongoyamba kumene, koma amafuna munthu woti analembedwa kale ntchito yophunzitsa kapena kufufuza pa yunivesite. K43, thandizo la bungwe la Fogarty la boma la America, nalo chimodzimodzi, kuphatikizapo mlangizi wa ku America. Ndipo aliyense amafuna uonetse zomwe wapeza kale, pamene ine ndalama yopezera zimenezo ndi imene ndikusaka.

Mkulu wina wandiuza kuti ndisiye, nditembenukire ku khansa ya Kaposi kapena khansa ya khomo la chiberekero, poti ndalama zimatsata HIV. Pulofesa wina wakunja akufuna ndimutumizire minofu yonse akayeze kwawo, dzina langa adzaliika pakati pa olemba. Mtima ukukana, koma ndikuopanso kutaya mwayi. Ndivomere? Kapena pali kandalama kakang'ono koyambira kosafuna PhD?

Yankho loyamba:
Achimwene, yambani ndi Royal Society of Tropical Medicine and Hygiene. Amapereka kandalama koyambira kwa ongoyamba kumene, ndipo ntchito ngati yanuyi ikhoza kutheka ndi ndalama imeneyo mukasiya kaye zoyeza majini. Werengani odwala, lembani pepala limodzi labwino, chimenecho ndiye chiphaso chopitira kwa akuluakulu aja. Kaundula wa khansa wa ku Blantyre musamuiwale. Chilolezo cha COMREC kapena NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku kuno ku Malawi, yambani kuchipempha panopa, chimatenga nthawi.

Yankho lachiwiri:
Za pulofesayo musakane msanga, komanso musatumize kanthu popanda Material Transfer Agreement, mgwirizano wolembedwa wotumizira minofu. Mulembetsane kuti inu ndinu wolemba woyamba, zotsatira zonse zibwera kwa inu, ndipo akulipirirani ulendo mukaphunzire kuyezako ndi manja anu. Akazemba zimenezi mwadziwa kuti amafuna minofu yokha. Ine ndikuona kuti Kaposi ali nawo kale anthu omufufuza, khalani pa phazipo. Lowaninso mu AORTIC, bungwe la ofufuza za khansa mu Africa, alangizi a ku Africa konkuno mukawapeza kumeneko, ndipo muonenso Global Oncology Young Investigator Award, thandizo la ofufuza ongoyamba kumene la bungwe la Conquer Cancer.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonsezi. Mayi amene mwatchula za mgwirizano wotumizira minofu, kodi amasaina ndi ine ndekha kapena mkulu wa chipatala? Ndipo ngati alipo pagulu pano katswiri woyeza minofu amene angavomere kukhala mlangizi wanga, chonde andilembere ku inbox ndimutumizire zomwe ndakonza kale.