Anditsekera issue, ma report card akutuluka "Mala?i"

aNgozo:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Pa system ya sukulu ija ndinalemba pa PHP, ma report card akutuluka ndi chizindikiro cha funso paliponse pamene pali ŵ. Pamutu pa pepala palembedwa Mala?i m'malo mwa Malaŵi, mayina a ana ena makamaka a kumpoto chimodzimodzi. Pa browser zonse zili bwinobwino, vuto ndi PDF basi. Ahedi akufuna mapepala pofika Lachisanu, tikutsekera teremu. Ndinatsegula issue (dandaulo la vuto) pa GitHub kwa eni library ya PDF ija (code yaulere ya anthu ena imene system yanga imapangira ma PDF), ndinaika screenshot, pa title ndinalemba URGENT. Munthu anangoyankha mzere umodzi, akuti core fonts sizidziwa Unicode, werengani docs, n'kutseka. Ndinamufunsa kuti ndi library yanji yolephera kulemba dzina la dziko lathunthu, ndinamu-tag pamodzi ndi mnzake. Lero ndapeza aikhoma kuti pasalembedwenso kanthu, akuti locked, too heated. Ndiye ndilankhule ndi ndani? Open source yake ndi imeneyi?

Nabanda:
Achimwene, tiyambe taona chikutuluka. Kabokosi ndiye kuti font ilibe chilembocho. Åµ ndiye kuti UTF-8 ikuwerengedwa ngati Latin-1. Koma inu mukuti funso, ndiye chilembocho chikufera panjira chisanafike ku library. Sakani utf8_decode kapena iconv mu code yanu. ŵ ndi U+0175, mu ISO-8859-1 mulibe, mu Windows-1252 mulibenso, ndipo utf8_decode ikakumana ndi chilembo chosachidziwa imangoika funso. Function imeneyo anailemba kale deprecated mu PHP 8.2.

aNgozo:
utf8_decode ilipodi, ndinaiika chifukwa popanda iyo zimatuluka zinyalala zija za Åµ. Koma mfundo yanga ndi yoti akanatha kundiuza zimenezi m'malo monditsekera pakhomo.

Gondwe:
A Ngozo akunena zoona. Ukatulutsa chinthu pagulu n'kumauza anthu kuti gwiritsani ntchito, uli ndi udindo. Sungamasangalale ndi ma star pa repo koma munthu akabwera ndi vuto iwe n'kumutseka pakamwa. Pangani fork, kope lanulanu la library yo, konzani nokha, aiwaleni amenewo.

Tembo wa ku Mzuzu:
Mkulu Gondwe, tsegulani fayilo ya LICENSE pa repo iliyonse ya license ya MIT muwerenge ndime yomaliza, ija ya zilembo zikuluzikulu. Akuti pulogalamuyi mukuitenga momwe iliri, palibe chitsimikizo chilichonse. GPL nayo imanena zomwezo. Munthu uja sanasainirane kontrakiti ndi sukulu ya a Ngozo. Lachisanu la ahedi si lake.

Kumbukirani ya Log4j mu December 2021, library yaulere ya Java ija inapezeka ndi bowo lalikulu la chitetezo. Dziko lonse linali pamoto, makampani akuluakulu akukalipira anthu ochepa ongodzipereka amene ankakonza usiku osalandira kanthu. Mwezi wotsatira Daniel Stenberg, mwini pulogalamu ina yaulere yotchedwa curl, analandira email kuchokera ku kampani ina yaikulu ya ku America yomulamula kuti ayankhe mafunso a Log4j pasanathe maola 24. Curl inalembedwa mu C, Log4j siikhudza n'komwe, ndipo kampaniyo sinali kasitomala wake. Iye anawayankha mwaulemu kuti ayankha akangosaina support contract. Mawu oti URGENT anthu amenewa amawaona tsiku ndi tsiku kuchokera kwa anthu osawadziwa, ndiye akangowaona mtima umakhala wauma kale.

Gondwe:
License ndi ya ku khoti, ine ndikunena za umunthu. Mzere umodzi? Akanakhala wa ku Germany atadandaula za ü akanamutsekera choncho?

Nasibeko:
ü ili kale mu Latin-1, ndiye wa ku Germany sakanadandaula n'komwe. Koma a ku Poland ndi ł yawo, a ku Turkey ndi ğ, a ku Wales amene ŵ yomweyi amaigwiritsa ntchito, onsewa funso lomweli analifunsa kalekale. N'chifukwa chake yankho linali lalifupi, munthu watopa kulibwereza. A Ngozo, musanatsegule issue munasaka mu closed issues?

Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi screenshot. Munabisa mayina ndi malikisi a ana? Lock siichotsa zomwe munaika, aliyense akuonabe. Ngati pali dzina lenileni la mwana, kalasi yake ndi zotsatira zake, chichotseni lero. Tili ndi Data Protection Act ya 2024 tsopano, ndipo kholo limodzi likangoipeza nkhani yake siikhalanso ya font. Ngati edit yakanika chifukwa cha lock, alembereni eni repo kapena GitHub support, mwaulemu, muwapemphe achotse. Dziwaninso kuti edit history imaoneka, muyenera kufufutanso revision yakaleyo.

aNgozo:
Ndi pepala la mwana weniweni koma laling'ono, silikuwerengeka bwino. Ndiona.

Nasibeko:
Musati ndiona achimwene. Munthu akadina chithunzicho chimakula.

Nabanda:
Tibwerere ku PDF. Chotsani utf8_decode, siyani Helvetica ndi Arial za core, ikani TTF (fayilo ya font) yokhala ndi Latin Extended-A, gulu la zilembo momwe muli ŵ, monga DejaVu Sans kapena Noto Sans, ndipo muii-embed mu PDF momwemo kuti ikasindikizike pa kompyuta iliyonse. Ngati library yanuyo silandira UTF-8, pamakhala ina yachibale yolandira, docs zimene anakulozerani zitchula. Bold ndi italic ndi mafayilo apadera, mukaiwala mutu wa pepala ubwerera pomwe unali. Komanso m'lifupi mwa zilembo musintha, DejaVu ndi yotambalala, ma column a malikisi atha kusefukira. Sindikizani pepala la mwana wa dzina lalitali kwambiri muone musanatulutse onse.

Jere:
Koma musakhudze database musanapange dump, ndiye kuti backup yake. Ndikunena izi chifukwa pa ntchito ina ndinapeza table ili latin1, connection ilinso latin1, mkati muli ma byte a UTF-8. Pa browser zinkaoneka bwino chifukwa zolakwika ziwirizo zinkafafanizana. Amene ndinamulowa m'malo anathamangitsa ALTER TABLE CONVERT TO utf8mb4 madzulo a tsiku lolipira, m'mawa mayina onse a ŵ ali double encoded, backup yake ya miyezi yapitayo. Tinakhala ndi mafayilo a mapepala pa tebulo, wina akuwerenga dzina wina akutaipa, mpaka kunja kunada. A Ngozo pangani SELECT HEX pa dzina limodzi muone ma byte enieni amene asungidwa pa ŵ. Mukaona C5B5 muli bwino. Mukaona C385C2B5 zapindidwa kawiri. Mukaona 3F ndiye kuti chilembocho chinatayika polowa, palibe font ingachibweze.

Tembo wa ku Mzuzu:
Onjezerani 77CC82. Ena amakopera mayina kuchokera mu Word kapena pa foni, imabwera w payokha ndi kachipewa kake payokha, U+0302. Pa screen n'chimodzimodzi koma mu PDF kachipewako kamatha kukhala pambali, ndipo search siipeza dzinalo. Ziphatikizeni zikhale chilembo chimodzi ndi Normalizer ya intl ya PHP, NFC, musanasunge.

Gondwe:
Mwaona? Zonse mwalembazi mwazilemba mwaulere, palibe wakulipirani, palibenso watukwana munthu. Ndiye iye chinamuvuta n'chiyani? Anthu amenewa mwano ndi chikhalidwe chawo. Linus Torvalds yemwe, amene anayambitsa Linux, ankanyoza anthu otumiza ma patch kwa zaka zambiri, mpaka mu September 2018 anapepesa yekha, anayamba wapuma kaye, kernel n'kulandira Code of Conduct. Ndiye musandiuze kuti olakwa amakhala ma user nthawi zonse. Fork basi.

Nasibeko:
Palibe wanena kuti nthawi zonse. Ine ndemwe yankho la mzere umodzi limandiwawa, makamaka ukavutika kulemba m'Chingerezi, bundle ikutha, wina n'kungoti werengani docs. Akanatha kuika link ya tsamba lenilenilo, sizikanamutengera mphindi. Koma a Ngozo ife timawadziwa, ndi munthu mmodzi. Uja ali ndi mazana a anthu osawadziwa, aliyense ndi Lachisanu lake. Chaka chomwecho cha 2018 Guido van Rossum anatula pansi utsogoleri wa Python atatopa ndi mkangano wa PEP 572, ganizo losintha kalembedwe kena mu Python. Amene anayambitsa chinenerocho. Nanga kamunthu kosamala library madzulo kataweruka kuntchito?

Tembo wa ku Mzuzu:
Ndipo kukalipira maintainer, munthu wosamala library, kuli ndi ngozi ina imene sitiiganiza. Ya xz, pulogalamu yofinya mafayilo ya pa Linux ija, mwaiwala? Lasse Collin ankasamala yekha. Mu 2022 ma account ena anayamba kumupanikiza kuti ukuchedwa, ma patch akuola, pereka kwa wina. Iye anayankha kuti sakupeza bwino m'maganizo ndiponso kuti ntchitoyi ndi yapambali, salipidwa. Mapeto ake anapereka mphamvu kwa Jia Tan, amene anabisa backdoor, khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a eni, mu version 5.6.0 ndi 5.6.1. Anaitulukira ndi Andres Freund mu March 2024, ataona kuti ssh ikudya CPU ndi kuchedwa pafupifupi theka la sekondi. Ikanalowa mu ma stable release, ma server athu omwewa akanakhala otsegula. Mawu amene ankamupanikiza nawo aja sakusiyana kwenikweni ndi amene timalemba tikapsa mtima.

Gondwe:
Ndiye a Ngozo asanduka Jia Tan chifukwa chofunsa za ŵ? Ayi akulu. Wotopa atule pansi udindo, alembe pa README kuti sindikusamalanso. Koma ukadali pampando, yankha anthu bwino.

Jere:
Fork mukuinenayo adzaisamala ndani mkulu? PHP ikakwera version, kukatuluka security fix kumtunda, a Ngozo adzakhala akuphatikiza okha. Akadzachoka pa sukulupo wobwerayo adzapeza vendor folder yosinthidwa pamanja, composer update kamodzi zonse zapita. Ndipo pano palibe choti mu-fork, library sinalakwe, ikuchita zimene analemba kuti imachita.

Admin:
A Ngozo, musatsegule issue yatsopano pa nkhani yomweyi, ndipo musawatsatire ku email kapena ku X kukapitiriza mkangano. Akhoza kukutsekerani pa organisation yonse. Account imeneyo ndi yomwe mumaika pa CV, olemba ntchito amaiwerenga. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Zikatheka, padutse masabata, kenako tumizani pull request (pempho loti alandire zimene mwakonza) yaing'ono ya docs, ndime imodzi yosonyeza kalembedwe ka ŵ ndi TTF, ndi script ya mizere yochepa, mayina opeka, version ya PHP ndi ya library. Zotero amalandira msanga. Ndipo enanu musapite kukaika ma thumbs down kumeneko, ndaona wina wafunsa link ku inbox.

Gondwe:
Ndiye amutsekere, iye abwerenso kudzawalembera docs mwaulere. Ine ayi.

Mwale:
Pepani kulowerera, sukulu yathu tinangosintha ma ŵ onse kukhala w wamba, palibe anadandaula. Zikalata zambiri za boma zimalemba Malawi choncho.

Nasibeko:
Dzina la dziko mwina. Dzina la mwana lembani momwe kholo linalembera pa fomu. Koma fananitsaninso ndi momwe analembetsera mayeso, mayina akasiyana pa mapepala amavutika ndi mwanayo kutsogolo.

Mwale:
Nanga pa kompyuta mumaitaipa bwanji? Alembi athu amakopera pa Google nthawi zonse.

Tembo wa ku Mzuzu:
Mu Word lembani 0175 kenako Alt ndi X. Yaikulu ndi 0174. Pa Linux, Compose, ^, w.

Mwale:
Pa Excel zikukana.

Jere:
Alt X ndi ya Word, pa Excel pitani Insert, Symbol. Koma samalani posunga, CSV wamba idya chilembocho, sankhani CSV UTF-8. Ndipo poti mwatchula import, mayina a apostrophe ngati Ng'oma ndi M'bwana mukuwalowetsa ndi prepared statements? Ndinaonapo system ikugwa pa dzina limodzi lotere tsiku lolembetsa a Fomu 1, makolo ali pamzere panja.

Nabanda:
A Ngozo, HEX ija yatulutsa chiyani?

Gondwe:
Ine ndikadali pomwepo. Mzere umodzi si yankho.

Mwale:
A Jere, prepared statements zo pa mysqli kapena mpaka PDO? System yathu ndi yakale, ina ikadali pa mysql_query.