Chigumu chikupserera pansi m'kati muli phala, khitchini nayo tasasula denga, ndithandizeni

Make Tada, Chamama

Moni amayi ndi abambo muno. Ine ndabwera ndi mavuto angapo koma onse ayambira pa khitchini. Sabata yatha tinasasula denga lake, udzu unali utaola ndipo mapaso ena chiswe chinadya moti ukangogwira akufumbutuka ngati ufa. Bambo a kunyumba anati tikonzeretu Okutobala asanathe poti chizimalupsa sichitsanzika, komanso iwo m'mawa ndi madzulo amakhala ali kudimba kuthirira nazale ya fodya nde mpata wa khitchini ndi masana okha, dzuwa lili paliwombo, iwo ndi alamu anga awiri.

Nde panopa ndikuphikira panja pansi pa mtengo wa mango, mafuwa ndinangosamutsira pompo. Nsima ndi ndiwo palibe vuto. Koma chigumu abale inu, kawiri konse chandichititsa manyazi. Ine ndimaphika chigumu Lachiwiri ndi Lachisanu, china cha tiyi wa ana china ndimadula nkukagulitsa pamsika, ndipo m'khitchini muja sichinandivutepo. Panja pano pansi chikupserera bii, pamwamba chikuoneka ngati chapsa, ukadula m'kati muli phala lenileni. Ufa ndi womwewo, poto yemweyo, soda yemweyo. Nthochi mmene zadulira masiku ano kutaya zisanu ndi imodzi mtima umawawa shuwa.

Funso lachiwiri ndi la amisiri ngati mulipo: mapaso atsopanowa tiwatani kuti chiswe chisabwererenso? Komanso bambo agula pepala lakuda la pulasitiki lija akuti ayale pansi pa udzu, apongozi anga aakazi akukana akuti m'khitchini sitiika zimenezo, nde ine ndili pakati sindikudziwa ndivomere za ndani kkkk. Pansi paponso pakumbikakumbika, kaya tiyambe kuzira kaya tidikire.

Nachisale wa pa Kamwendo

Make Tada musaunamizire ufa, mlandu ndi wa mphepo. M'khitchini muja makoma amakutchingirani nde moto umayaka mofatsa. Panja mphepo ya mwezi uno ikupemerera makala apansi aja amayaka ngati uvuni wa njerwa, pomwe apachivundikiro akutha msanga nkusanduka phulusa, inu mukuona ngati pali moto koma palibe. Nchifukwa chake pansi bii pakati phala.

Ine ndaphika zigumu zaka zambiri panja pomwe, khitchini yanga ndi yaing'ono. Choyamba tchingani mbali yomwe kukuchokera mphepo, olo ndi lata lakale olo kusanja njerwa mizere itatu basi. Chachiwiri chigumu sichifuna malawi ayi. Sonkhani nkhuni zipse kaye mpaka zisanduke makala, muphikirepo nyemba kapena madzi osamba podikira, kenako palani makalawo, pansi musiye ochepa kwambiri oti mukaika dzanja pafupi mutha kupirira pang'ono, ambiriwo apite pachivundikiro. Ine ndimati magawo atatu, limodzi pansi awiri pamwamba. Zitsononkho zimathandiza pamwambapo koma sizichedwa kutha nde muzikhala nazo pafupi zowonjezera.

Ngati poto wanu ndi wopyapyala uja wa pamsika chitani chonchi: tengani sefuliya yaikulu, thirani mchenga wa kumtsinje wouma kuya kwake zala ziwiri, itenthe kaye, kenako poto wachigumu mukhazike pamchengapo nkuvundikira sefuliyayo ndi lata, makala pamwamba. Mchenga umagawa kutentha, sichingapserere olo mutaiwala pang'ono. Masikono ndimaphikanso momwemo. M'potomo yalani tsamba la nthochi lowaula pamoto, kapena pakani mafuta nkuwaza kaufa.

China chomwe anthu amalakwitsa nkudzadza poto. Chikakhala chokhuthala kupyola zala zitatu pakati sipapsa msanga, bola kuphika kawiri. Muyezo wanga ndi makapu atatu a mgaiwa wosefa, nthochi zakupsa kwambiri zija khungu layamba kuda zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kamchere, shuga masipuni awiri aakulu poti nthochi zatsekemera kale, mafuta pang'ono, soda sipuni yaing'ono imodzi yosasefukira. Soda akachuluka chigumu chimafiira nkumawawa kukhosi ngati sopo, ana amangoluma kamodzi nkusiya. Ndipo soda amafuna chowawasa kuti afufumitse bwino, chambiko ngati chilipo, kukasowa finyirani ndimu m'madzi kapena mumkaka. Mukangosakaniza ikani pamoto pompo osati kupita kukatunga madzi kaye, mphamvu yake imathera m'beseni.

Musavundukule mphindi 30 zisanakwane, muzingotembenuza poto kuti mbali ya kumphepo isinthe. Kenako bayani mpeni pakati, ukatuluka woyera chapsa. Kawirikawiri mphindi 45 mpaka ola.

Za nthochi zodula zija musanene, chibwerereni matenda a chisaka aja anthu anazula nthochi zambiri, mpaka zina zomwe timagula mtauni zimachokera ku Tanzania. Zikasowa ine ndimaika mbatata yophika yokanya, yofiira m'kati ija, chimakoma bwinobwino ndipo mtundu wake umakopa ogula.

Mmisiri wa pa Santhe

Mayi, za chigumu amayi anzanu ayankha, ine ndimangodziwa kudya. Ndiyankhe za denga.

Ntchito ya nyumba imayambira kumwamba kutsika. Denga kaye, khoma, pansi pomaliza. Mukazira lero mawa anthu akuponda ndi makwerero, udzu ukugwera pomwepo, mwataya mphamvu pachabe.

Apongozi anu akunena zoona, auzeni bambowo kuti mmisiri wagwirizana ndi mayi awo. Pepala lakuda ndi labwino kunyumba yogona kapena pachigafa, osati pomwe pakuyaka moto tsiku ndi tsiku. Denga laudzu limapuma, utsi umadutsa mu udzumo nkutuluka. Mukayala pepala utsi ulibe kolowera, umabwerera kwa wophika, maso kufiira chifuwa osatha, mwana wakumbuyo nayenso akupuma zomwezo. Pepalalo ndi kutentha limauma nkuyamba kuthetheka, ndipo tsiku lomwe lidzagwire moto limadontha ngati phula. Utsi womwewonso ndi umene umateteza udzu ndi mapaso ku tizilombo, nchifukwa chake makolo ankapachika chimanga chambewu pamwamba pa moto anankafumbwe osachiyandikira.

Denga losadontha chinsinsi chake nkutsetsereka ndi kuchindikala kwa udzu. Likakhala lafulati madzi amaima nkulowa, olo mutaika udzu ngolo ziwiri. Kufolera ayambire mmunsi kukwera, mzere wapamwamba uziphimba wapansi, amange zolimba ndi luzi kapena linya poti kamvuluvulu wa mwezi uno samasewera. Udzu utuluke kunja kupyola khoma ndithu, makamaka ngati khoma ndi la zidina, apo ayi mvula imadya khoma mmunsi mpaka kugwa mu Febuluwale. Vuto lomwe ndikuliona nkuti mwachedwa, udzu wabwino timamweta Juni ndi Julayi, pofika pano wambiri wapsa ndi moto wa osaka mbewa nde wotsala ogulitsa amakweza mtengo. Wakale uja musataye wonse, sankhani womwe sunaole muukung'unthe upite pansi, watsopano pamwamba.

Chiswe sichigwa kumwamba, chimachokera pansi nkukwera m'khoma. Yang'anani timizere tadothi pakhomapo, palani tonse, ndipo muzipala mukangotiona. Ngati pali chulu pafupi ndi khitchini ndiye gwero lake, chikumbeni mpaka mupeze make chiswe. Mapaso ngati ndi a bulugamu sendani makungwa onse ndipo akhale ouma, aawisi amapindika. Oilo wakuda wotsala ku galimoto kapena kuchigayo amathandiza, koma pakani kumapeto kokha komwe mtengo ukukhudza khoma ndi kunsi kwa nsichi zolowa m'dothi. Osapaka pamwamba pa moto, amanunkha ndipo amayaka.

Pansipo ngati mukufuna simenti, ndowa imodzi ya simenti ndowa zinayi za mchenga wotsuka wa kumtsinje, pulasitala wa khoma ndowa zisanu ndi imodzi. Kutentha kuno gwirani m'mamawa kapena madzulo, nyowetsani kaye malowo, ndipo muzithirira madzi masiku 7. Anthu amaona ngati simenti imalimba ndi dzuwa, ayi imalimba ndi madzi, ikauma msanga imang'aluka. Koma pamalo pa moto penipeni musaikepo simenti, imasweka ndi kutentha. Pamenepo dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga ndiye mwini wake. Kunena zoona khitchini yaudzu kungozira bwino ndi dothi lakudambo kwakwana, ndalama ya simentiyo mugulire misomali ndi phula mukatseke mabowo a malata kunyumba yaikulu. Lowani m'nyumba masana mutseke zitseko, paliponse pomwe pakulowa kadzuwa ndi pomwe padzadonthe. Ambiri mabowo amakhala pamisomali yomwe anakhoma mumgwere mwa lata mmalo mwa pamsana pake.

Mjomba wa pa Chinkhoma

Kkkkk ine langa ndi limodzi, anthu ali padengawo mukuwapatsa chani? Kutentha kuno thobwa lisapyole masiku awiri. Kwathu chaka chatha alongo anga anatipatsa la masiku anayi tikufolera chigafa, pofika 2 koloko wina akuimba nyimbo za kudambwe ali pamwamba, mzere wa udzu unapita chokhota mpaka lero ukuoneka. Chigumu chopsereracho musataye, palani kunsiko mutipatse amuna ndi tiyi sitiona kusiyana.

Anaphiri a ku Mkanda

Amisiri ndagwirizana nanu zambiri koma za utsi zo ndikutsutsaniko pang'ono. Zoona umateteza udzu, koma amene amakhala mu utsimo ndi ife osati inu. Popeza denga lasasulidwa kale ino ndi nthawi yabwino Make Tada auze abambo asiye mpata pakati pa khoma ndi denga, kapena aboole kawindo mbali ziwiri kuti mpweya uzidutsa. Khitchini zathu zambiri ndi khomo lokha basi, kulowamo ngati mu uvuni wa fodya.

Ndipo mafuwawo bwanji osawasiya panja pomwepo? Pezani chitetezo mbaula, yadothi ija amaumba amayi m'magulu. Nkhuni zitatu zinayi zing'onozing'ono nsima yapsa, zitsononkho ndi mapesi a nandolo zimayakanso, utsi ndi wochepa, ndipo panja mphepo siyiyivutitsa kwambiri poti moto uli m'kati. Imanyamulika, mvula ikayamba mwalowa nayo. Ine chigumu ndimaphikira pomwepo, ndimangochotsa nkhuni nkusiya timakala. Nkhuni kuno zavuta, mitengo inathera m'zigafa ndi mu uvuni wa njerwa, nde chilichonse chopulumutsa nkhuni ine ndimachigwira ndi manja awiri.

Chomwe chandiopsa mu nkhani yanu ndi ichi: mitolo ya udzu mwaiunjika pati? Ngati ili pafupi ndi mtengo wa mangowo isunthireni kutali lero lomwe, mbali yomwe mphepo ikuchokera osati komwe ikupita. Makala apachivundikiro aja kamphepo kakangobwera amauluka. Kwathu kuno nyumba ya aneba inapsa choncho, mayi akukazinga mtedza panja, sitinapulumutse olo mphasa. Mukamaliza kuphika thirani madzi, phulusa la Okutobala limasunga moto mpaka usiku.

Za chakudya cha ogwira ntchito musadzivutitse ndi zophikaphika, masana futali wa mbatata kapena chinangwa wothira nsinjiro zambiri amakhala m'mimba mpaka madzulo, poto mmodzi moto umodzi. Madzulo nsima ya mgaiwa ndi mfutso wotendera, kaya wa nkhwani kaya wa khwanya, sinanga masamba aawisi pano ndi a kudimba okha ndipo akudula. Ife a ku Mchinji ndi inu a ku Kasungu mtedza ndiye sitingadandaule.

Make Tada, Chamama

Zikomo nonse, ndabweranso. Anachisale dzulo ndayesa njira ya mchenga ija, ndinatchinga ndi lata la bafa lakale. Pansi sichinapserere olo pang'ono, m'kati chapsa bwinobwino mpeni kutuluka woyera. Koma pamwamba ndiye ndinachita kuwonjeza makala ndi mantha aja, chinada pang'ono mbali imodzi, ndinangopala. Ndazindikiranso kuti ndimadzadzitsa poto, ndagawa pawiri. Pamsika chinatha 10 koloko isanakwane, mayi wina mpaka anafunsa ngati ndaikamo mazira kkkk.

Amisiri uthenga wanu ndinawawerengera bambo pamaso pa apongozi, mayi aja anaseka mpaka kugwetsa lichero. Bambo poyamba anati ndalama ya pepala yapita kale ndiye litani, kenako alamu anga anati likayalidwe pachigafa poti chimadontha pakona, nkhani inathera pompo. Timizere tachiswe tinatipezadi kuseri kwa khoma mbali ya kunkhokwe, ndipo kachulu kali pafupi ndi khola la nkhuku, anyamata akumba Loweruka. Oilo tikapempha kuchigayo.

Anaphiri udzu unalidi pafupi, masitepe asanu okha kuchoka pamafuwa, nditawerenga ndinathamanga osamaliza nkomwe kuwerenga za futali. Kawindo avomera kamodzi kokha, akuti awiri mbuzi zizisuzumira. Mbaulayo ndifunsa tsiku la msika.

Amjomba thobwa ndi la dzulo musadere nkhawa, koma alamu anga aang'ono akuti bola likanagonako kawiri.

Tsono poti njerwa zowotcha zatsalako pafupifupi 60 zomwe tinagwetsa pakhonde, alipo anamangapo kauvuni kakang'ono ka masikono panja? Ndikufuna kudziwa ngati chitseko chake lata wamba likwanira, komanso dothi la pachulu lomwe akumbe Lowerukalo ndingamangire lomwelo kapena liyambe lagona.