Hatchi ingapambane maulendo 33 motsatizana popanda chinyengo? Tiweruzeni, pali tambala pakati

Wometa wa ku Mtendere:

Abale anga, ndithandizeni mlandu uwu usanandidanitse ndi alamu anga. Ine ndine wometa, kashopu kanga kali kuno ku Mtendere, mu Lusaka, pafupi ndi msika. Pakhoma ndinapachika TV kuti makasitomala asamatope pabenchi, ndipo Loweruka m'mawa, mpira usanayambe, nthawi zambiri timaonera mipikisano ya mahatchi ya kunja. Poyamba ndinkangoisiya kuti muzimveka phokoso. Pano ndine amene ndimaimitsa mashini pamutu pa munthu kuti ndione mathero ake, mpaka mdala wina anandifunsa ngati ndinabwera kudzameta kapena kudzaweta.

Loweruka lapitali anaonetsa zakale za hatchi ina yaikazi ya ku Australia, dzina lake Winx. Akuti kuyambira Meyi 2015 kufika Epulo 2019 inapambana mipikisano 33 motsatizana, osagonjako ngakhale kamodzi. Alamu anga, amene amayendetsa minibasi ya m'tauni, anali pampando, tsitsi lili theka. Anangoti, "Bodza lenileni. Nyama siidziwa kuti lero ndi mpikisano. Tsiku lina imadzuka ndi m'mimba, tsiku lina yangonyansidwa. Apa anthu anadya ndalama kuti azikoka zingwe za mahatchi awo, apo ayi ankaibaya jakisoni."

Ine ndinakana, chifukwa mpikisano umodzi ndinauona ndi maso angawa. Zitseko zitatseguka, anzake onse anachoka, iyo n'kutsala ikudzuma m'geti ngati munthu woiwala chikwama. Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma imeneyi inayamba mochedwa, n'kumawatola mmodzimmodzi, womaliza n'kumupeza pamzere penipeni. Munthu wokonza chinyengo angakonze chotere, choti iye mwini mtima uime?

Tabetcherana tambala wakumudzi, wa ku Katete, osati nkhuku zoyera za m'mafiriji. Mlongo wanga wati aphika ndi iyeyo, apambane ndani apambane. Ndiye inu odziwa, zimenezi zimatheka? Ndipo ngati zimatheka, zimatheka bwanji?

Agogo a m'Makhola (Chawama):

Mwanawe, amene akundilembera apa ndi mdzukulu wanga, maso anga sagwirizana ndi foni. Ndinagwira ntchito yosamala mahatchi a mpikisano ku Harare zaka zambiri, mahatchi athu ankathamanga pa Borrowdale Park. Auze alamu akowo kuti pa mfundo imodzi anena zoona: hatchi imadzukadi moipa. Koma ntchito yathu yonse inali yomweyo, kudziwa kuti yadzuka moipa isanafike pabwalo.

Ndinkalowa m'khola 4 koloko m'bandakucha. Choyamba sunkayang'ana hatchi, unkayang'ana modyera. Ikasiya chakudya ngakhale chodzaza m'manja, pali nkhani. Kenako umagwada, n'kutsetsereza chikhatho pa mwendo uliwonse kuchokera pabondo mpaka pachiboda, kumvetsera kutentha. Mwendo wabwino m'mawa umazizira, mtsempha wake uli gwa ngati chingwe cha gitala. Pakatentha penapake, umakauza bwana, tsikulo siithamanga. Choncho ukamva kuti hatchi yapambana 33, udziwe kuti pali masiku ena amene anaibweza m'khola osauza munthu. Mphunzitsi wa Winx, Chris Waller, ankasankha mipikisano yake, sankangoiponya paliponse.

Za jakisoni, ndiseke kaye. Hatchi ikapambana siipita kunyumba. Timapita nayo kukhola lapadera, munthu wa bwalo ataima pambali ndi kachitini ka pandodo, kudikira mkodzo. Ineyo ndaimbirapo hatchi mluzu pafupifupi ola lathunthu kuti ikodze, milomo mpaka kuuma. Nthawi zina amatenganso magazi. Akuba alipo, ndinawaonapo akugwidwa. Koma kubisa mankhwala zaka zinayi pa hatchi imene dziko lonse likuiyang'ana, imene imapimidwa kawirikawiri chifukwa chopambana, mwanawe, n'kovuta kuposa kupambanako.

Chimene alamu ako sakudziwa ndi nkhani ya katundu. Pa mitundu ya mipikisano, nditchulepo iwiri. Wina amautcha handicap: hatchi ikamapambana amaiwonjezera kulemera, amalowetsa timapale ta mtovu m'kathumba ka pansi pa chishalo, ndipo wokwera amakwera pasikelo asanathamange ndi atathamanga. Cholinga chake n'choti mahatchi onse afike pamzere ngati limodzi. Durban July, mpikisano waukulu wa pa bwalo la Greyville ku South Africa, wa mamita 2,200 uja, ndi wotero, n'chifukwa chake kuibwereza kumavuta. Mtundu winawo katundu amatengera zaka za hatchi, osati kupambana kwake, ndipo yaikazi amaichotserako makilo awiri. Winx itakula inkathamanga kwambiri mipikisano ya mtundu wachiwiriwu: iyo makilo 57, amuna 59, ipambane kangati ipambane, palibe woiwonjezera. Pamenepo hatchi yoposa zinzake imangopambanabe, palibe chodabwitsa.

Ine ndinali ndi yanga yofiirira, ya chipumi choyera, imene inapambana kanayi motsatizana. Ndinkayenda ngati mwini Harare. Kachisanu inabwera ikutsimphina, mtsempha wa mwendo wakutsogolo utatupa ngati nthochi. Siinathamangenso. Ndinagona m'khola mwake masiku atatu ndikuithira madzi ozizira. Ndiye ukanena 33, ine chimene chimandidabwitsa si liwiro ayi, ndi miyendo.

Komanso musamaone ngati zimenezi n'za kutali kokha. Hatchi yotchedwa Ipi Tombe inabadwira ku Zimbabwe konko, inayambira pa Borrowdale pomwepo. Itapita kwa mphunzitsi Mike de Kock ku South Africa inapambana Durban July mu 2002, chaka chotsatira n'kukapambananso ku Dubai. Yaikazinso imeneyo.

Mnyamata wa Matikiti (Kamwala):

Agogo anena bwino, ulemu wanu. Koma bambo wometa, musathamangire kunola mpeni. Chinyengo panalibe, ndikuvomera, koma nambala 33 payokha siinena zonse. Funsani kuti inkapambana ndani.

Winx siinatulukepo mu Australia. Eni mahatchi ena ataona kuti apa palibe phindu, ankangoithawa, kukafuna ndalama kwina. Mu 2016 pa Caulfield Stakes panathamanga mahatchi atatu okha, iyo ndi ena awiri. Atatu! Ngakhale ine ndi bulu wa kwathu ku Chadiza tikanatenga nambala 4. Inzake ya konko, Black Caviar, inapambana 25 pa 25, koma iyo inakwera ndege mu 2012 kukathamanga ku Royal Ascot ku England, ndipo inapulumukira pakamwa pa ng'ona: wokwera wake Luke Nolen anaimasula msanga poganiza kuti zatha, inapambana ndi kamutu kokha. Frankel ya ku England inathamanga 14 yokha, kupambana yonse, koma akatswiri ambiri amaiika pamwamba pa onsewa chifukwa cha mmene inkawasiyira anzake, monga pa Queen Anne Stakes mu 2012 pamene mpata unali wokwana mahatchi 11. Tikamangowerenga manambala, mfumu ndi Camarero ya ku Puerto Rico, 56 motsatizana kuyambira 1953 mpaka 1955, kenako Kincsem ya ku Hungary, 54 pa 54 m'zaka za m'ma 1870. Koma ndani amamutchula Camarero pa TV yanuyo?

Ndipo poti ndikudziwa kumene nkhani zotere zimathera, ndikuchenjezeni. Hatchi ikatchuka chonchi, mtengo wake pobetcha umagwa mpaka 1.10 kapena kutsikirapo. Ndiye kuti mwaika K100 kuti mupindule K10. Ikapunthwa kamodzi, mufunika ipambane kakhumi kuti mungobweza yanu ija. Ine ndinaphunzira ndi ndalama ya lendi. Ndinalumikiza mahatchi asanu "osagonja" pa tikiti imodzi m'shopu ina kuno ku Kamwala, anayi anabwera, wachisanu anathera nambala 2 ndi mphuno. Mwezi umenewo landilodi ndinkamuzemba podutsa kuseri kwa zimbudzi. Kumbukirani Zenyatta ya ku America: 19 motsatizana, pa mpikisano wake womaliza mu 2010 hatchi ina yotchedwa Blame n'kuigonjetsa ndi mutu umodzi, wokwera wake Mike Smith mpaka misozi pamaso pa atolankhani.

Nasi wa ku Chipata ali ku Melbourne:

Achimwene a ku Kamwala, Winx siinapite kunja, zoona, koma akunjawo anaitsatira kwawo. Ine ndinalipo pa bwalo la Moonee Valley kuno ku Melbourne mu Okutobala 2018, tsiku limene inapambana kachinayi mpikisano waukulu wa Cox Plate. Sindine wa mahatchi, anzanga a kuntchito ndiwo anandikoka nditangotuluka naiti, tulo tili m'maso. Tsikulo panali Benbatl, hatchi ya khola la Godolphin yochokera ku England, imene inali itapambana kale mipikisano ikuluikulu ku Dubai ndi ku Germany chaka chomwecho. Winx inaisiya ndi mpata wa mahatchi awiri. Imeneyo si bulu wa ku Chadiza.

Bwalo limenelija linali lopanikizika, anthu tinali pafupi moti ziboda zinkamveka m'chifuwa. Akakhota komaliza pankatsala mamita 173 okha, ndiye wochedwa kunyamuka wapita. Hugh Bowman, wokwera wake, anaitulutsira kunja asanakhote, ali phee pamsana ngati wakhala pampando wa tchalitchi, pamene anzake manja ali kalikiliki. Anthu onse atavala zabuluu, mtundu wa malaya a wokwerayo. Mayi wina wachikulire amene sindimudziwa anandikumbatira akulira, chipewa chake n'kugwera m'kapu yanga.

Bambo wometa, kuti alamu anu amvetse: mpikisanowo ndi wa mamita 2,040, ndiye kuti Cairo Road yonse kuchokera pa Kafue roundabout kukafika pa Kabwe roundabout n'kupitirirako pang'ono. Mu 2017 Winx inathamanga mtunda umenewo mphindi 2 ndi masekondi osakwana 3. Afunseni kuti minibasi yawo imatenga nthawi yanji pamenepo 5 koloko madzulo. Chaka chimenechonso inavutika, hatchi ina yotchedwa Humidor inaifika m'nthiti, pamene mu 2016 Winx inasiya Hartnell ndi mpata wa mahatchi asanu ndi atatu. Isanabwere iyo, mbiri inali ya Kingston Town, imene inapambana Cox Plate katatu, 1980 mpaka 1982.

China chimene sanakuuzeni pa TV: Winx inagonjapo. Inathamanga 43, n'kupambana 37. Kasanu ndi kamodzi konse inagonja idakali yaing'ono, isanayambe ulendo wa 33 uja. Anaigula madola a ku Australia 230,000, inapata oposa 26 miliyoni. Mwana wake wamkazi anagulitsidwa 10 miliyoni mu 2024 asanathamangepo n'kamodzi komwe.

Agogo a m'Makhola (Chawama):

Mayi a ku Melbourne, mwandikumbutsa. Wokwera akakhala phee choncho, ife m'makhola tinkayamba kale kumasula chidebe cha madzi, tikudziwa kuti zatha. Mnyamata wa ku Kamwala, iwe siya matikiti. Ife amene tinkagona ndi mahatchiwo, odziwa imene yadya ndi imene sinadye, tinkaluzabe malipiro athu.

Wometa wa ku Mtendere:

Zikomo nonse. Agogo, nkhani ya mtovu ija yandimasula, ndimadabwa kuti anthu aja akukweranji pasikelo atanyamula chishalo ngati akugulitsa thonje.

Dzulo madzulo ndinapita ndi foni kwa alamu anga ku Kalingalinga, ndinawawerengera zonse kuyambira pamwamba. Pa mkodzo anaseka mpaka kutsokomola. Pa Cairo Road anakwiya pang'ono, akuti vuto ndi maloboti ndi apolisi, hatchiyo aibweretse Lachisanu la kumapeto kwa mwezi tione. Koma atamva za mahatchi atatu a ku Caulfield anadzuka pampando, akuti, "Eya! Si zimene ndinkanena? Anzake ankaithawa, ndiye kukonza kumeneko!" Ndinawakumbutsa kuti iwo ananena za ziphuphu ndi jakisoni, osati za mantha. Iwo akuti mantha ndi chiphuphu n'pachibale. Achimwene a ku Kamwala, mwandionongera mlandu.

Mlongo wanga watopa nafe. Wagamula kuti tambala agulidwe ndi alamu, ufa ndi makala zichokere kwa ine, ndipo chiwindi ndi nthutumba n'zake poti ndiye woweruza. Tambalayo akubwera Lachinayi pa basi ya ku Chipata, amalume amumanga kale miyendo.

Agogo, funso lina ngati mdzukulu akadali pafupi. Kasitomala wina wandiuza kuti mahatchi onse a mpikisano a ku Australia ndi ku South Africa amawawerengera kuti abadwa pa 1 Ogasiti, kaya anabadwa tsiku lanji. Ndisanabetcherenso nkhuku ina, n'zoona zimenezi?

Agogo a m'Makhola (Chawama):

N'zoona, usabetche. Pa 1 Ogasiti khola lonse linkakula chaka chimodzi tsiku limodzi, ndipo bwana wathu ankabwera ndi thumba la makaroti. Theka linkathera m'mapoto mwathu.